Lipoti la Nkhani: Mwana wa Miyezi 18 Amene Thupi Linachira Msanga Koma Anachedwa Kubwerera kwa Mayi Ake

Lipotili likufotokoza za mwana wamkazi wa miyezi 18 amene tinamugoneka m'wodi ya ana osowa zakudya m'thupi, imene anthu ambiri amangoitcha kumagulu, pachipatala chimene ndimagwirapo ntchito ya unamwino m'boma lina la m'chigawo chapakati. Mayina a mwana, makolo ndi midzi ndawachotsa, ndipo mayi ake anavomera kuti nkhaniyi ilembedwe pofuna kuthandiza anzathu ogwira ntchito ndi ana. Ndasankha mwanayu chifukwa mapepala ake onse ankaonetsa kuti akuchira bwino, pamene aliyense wokhala naye pafupi ankaona kuti mwanayo sakuyang'ana munthu kumaso, sakusewera, ndipo sakufuna kuti mayi ake amukhudze. Mbali imeneyi ya kakulidwe ka mwana, ya momwe amamvera mumtima ndi momwe amakhalira ndi anthu, siyezedwa pasikelo, koma ndi imene inatitengera nthawi yaitali kuposa kutupikana kwenikweniko.

Mbiri ya mwana ndi banja lake

Mwanayu ndi woyamba kwa mayi wa zaka 21. Anabadwira kuchipatala miyezi itakwana, analandira katemera yense wa msinkhu wake, ndipo buku lake la kusikelo likuonetsa kuti ankakwera bwino mpaka miyezi 14. Malinga ndi mayi ake, anayamba kuyenda atangopitirira chaka, ankatchula mawu angapo, ankaloza nkhuku ndi mbuzi ndi chala kenako n'kutembenuka kuyang'ana mayi ake, ndiponso ankabayibitsa anthu akamachoka pakhomo. Mfundo zimenezi ndinazifunsa mobwerezabwereza kwa mayi ndi kwa agogo, aliyense payekha, chifukwa ndi zimene zinadzatithandiza kusiyanitsa matenda.

Bambo a mwanayu amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo mayiyo anatengedwa chitengwa, kotero amakhala kumudzi kwa mwamuna pamodzi ndi apongozi ake. Bamboyo anabwera kumudzi mu Disembala n'kubwereranso chaka chatsopano chitangoyamba. Mu Febuluwale mayiyo anazindikira kuti ndi woyembekezera, mwanayu ali ndi miyezi 15 ndipo akuyamwabe usana ndi usiku. Akuluakulu a pakhomopo analamula kuti mwana aletsedwe kuyamwa tsiku lomwelo, poti mkaka wa mayi woyembekezera umadwalitsa mwana. Mayiyo anapaka tsabola kubere, ndipo m'mawa mwake mwanayo anamukweza pakabaza kupita naye kwa agogo ake akuchikazi, kumudzi wa mfumu ina, kumene anali atapitako kamodzi kokha ali wakhanda. Mayiyo anauzidwa kuti asapiteko kufikira mwana ataiwala bere.

Agogowo anandifotokozera masiku oyambirirawo mwatsatanetsatane. Mwanayo analira usiku wonse kwa masiku angapo, ankaima pakhomo n'kumayang'ana njira imene anabwerera, ndipo phala ankalikankha ndi dzanja. Kenako kulira kunachepa. "Anazolowera, mwana wanga," anatero agogowo, "anangokhala phee, mwana wosavuta." Agogowo ndi amasiye, ndipo miyezi imeneyo inali ya njala, choncho ankalawirira kuganyu n'kusiya mwanayo ndi mdzukulu wina wa zaka 9. Chakudya chinali phala la mgaiwa lopanda nsinjiro kawiri patsiku, ndi nsima ya masamba madzulo. Mu Epulo mwanayo anatsekula m'mimba kawiri, analeka kuyenda, ndipo mapazi anayamba kutupa. Abale ena ananena kuti ndi tsempho, anamupatsa mankhwala achikuda, ndipo panapita masabata asanaonedwe ndi mlangizi wa zaumoyo pasikelo ya kumudzi mu Meyi. Mlangiziyo ndi amene anamutumiza kwa ife.

Zimene tinapeza m'thupi

Mwanayo anafika atatupa mapazi, miyendo ndi manja, khungu la m'ntchafu likusupuka, tsitsi litafiira ndi kupyapyala. Lamba woyezera mkono anaonetsa masentimita 11.2, pamene muyezo wochepera 11.5 umasonyeza kale kunyentchera kwakukulu. Anakana chiponde pomuyesa chilakolako cha chakudya. Malungo sanapezeke, kachilombo ka HIV sikanapezeke mwa iye ngakhale mwa mayi ake, ndipo panalibe zizindikiro za chifuwa chachikulu. Tinamuyamba ndi F-75, mkaka wapadera woyambira kuchiza ana onyentchera kwambiri, ndi mankhwala opha tizilombo monga mwa ndondomeko, kumusunga pofunda, ndi kusamalira zilonda za pakhungu. M'sabata yachiwiri kutupa kunaphwera, anayamba kulandira chiponde, ndipo kulemera kunayamba kukwera. Kumbali ya thupi panalibe chachilendo, ndipo sindikhalitsapo.

Zimene tinaona pa khalidwe lake

Mwana wotupikana amakhala wofooka, wosasangalala ndi wonyinyirika, ndipo ife a m'wodi timadziwa kuti kutupa kukamaphwera mwana amayamba kumwetulira, kulanda zinthu ndi kukwawira pabedi la mnzake. Ana amene anagonekedwa sabata imodzi ndi iye anachita zomwezo. Iye ayi. Ankagona choyang'ana kukhoma, chala chili m'kamwa, nthawi zina akugwedeza mutu uku ndi uku kwa mphindi zambiri. Pomubaya jakisoni ankangobuula pang'ono, osayang'ana amene wamubaya, komanso osafunafuna munthu woti amutonthoze. Chomalizachi ndi chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri, pakuti mwana wa msinkhu umenewu akamva ululu amayenera kutambasulira manja kwa munthu wake, ndipo mwana amene waleka kutero amakhala ataleka kuyembekezera kuti wina abwera.

Mayi ake anafika mwana atagonekedwa kale, ali ndi mimba ya miyezi isanu. Ndinalipo pamene ankalowa. Mwanayo anawayang'ana kanthawi kochepa, nkhope yosasintha, kenako anatembenuka n'kugwira nsonga ya chitenje cha agogo ake. Mayiyo anaima pafupi ndi bedi, thumba lili m'manja, ndipo anati kwa mayi awo, "Amayi, mwanayu wandiiwala." Kuchokera pamenepo sanayesenso kumunyamula pokhapokha tikawauza. Nthawi ya mkaka ankamukhazika pamiyendo chomufulatitsa, kapu ikubwera kuchokera kumbuyo kwa mutu, maso a mayiyo ali pawindo, ndipo mwana akatseka pakamwa ankamupana masaya kuti ameze. Panalibe mawu aliwonse pakati pa awiriwa, ngakhale kumuitana dzina.

Kusiyanitsa matenda

Tisananene kuti vutoli lachokera pa kusiyanitsidwa ndi mayi, tinayenera kuganizira zina zimene zimaoneka chimodzimodzi. Choyamba chinali kusamva. Makutu anali oyera, ndipo nditaphwanyaphwanya pepala la chiponde kumbuyo kwake, kumanja kenako kumanzere, iye asakundiona, anatembenuza mutu mbali zonse ziwiri. Kuyesa kotereku sikulowa m'malo mwa makina oyezera makutu, koma kunatipatsa chikhulupiriro chokwanira pa nthawiyo. Panalibenso mbiri ya kukomoka, malungo a muubongo kapena matenda oumitsa khosi.

Tinamuyeza ndi Malawi Developmental Assessment Tool, chida chimene Melissa Gladstone ndi anzake anachikonza ndi ana a kumidzi ya kuno kwathu ndi kuchifalitsa mu 2010, chimene chimayang'ana mbali zinayi: kuyenda ndi kugwiritsa ntchito thupi lonse, kugwiritsa ntchito manja ndi zala, chilankhulo, ndi kukhala ndi anthu. Tinadikira kuti kutupa kuphwere kaye, chifukwa kuyeza mwana wodwalika kumangoonetsa kudwalako. Pa ntchito za zala anali pafupi ndi msinkhu wake: ankatola kanthu kakang'ono ndi zala ziwiri, ankaika zinthu m'kapu ndi kuzitulutsa. Pa kuyenda anali m'mbuyo, zimene tinaziyembekezera kwa mwana wofooka minofu. Pa chilankhulo ndi kukhala ndi anthu ndi pamene anatsalira kwambiri, moti sankatchula liwu lililonse, sankaloza, sankabayibitsa, ndipo sankabweretsa chinthu kudzaonetsa munthu wamkulu.

Funso lovuta linali la autism, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limachititsa mwana kuvutika kulankhulana ndi kucheza ndi anthu. Ana ena a vuto limeneli amayamba bwino kenako n'kutaya mawu ndi luso locheza ndi anthu m'chaka chachiwiri, nthawi yomweyi imene mwanayu anataya zake, choncho mbiri yoti kale ankaloza ndi kulankhula sinali yokwanira kutitsimikizira. Chimene chinatipendeketsa ndi chakuti kusinthako kunayamba ndendende pa tsiku lodziwika, kunadutsa m'kulira ndi kufunafuna mayi kusanafike pa kukhala chete, ndiponso mwanayo anali atasankha munthu mmodzi, agogo ake, amene ankamutsatira ndi maso akamatuluka m'wodi. Tinagwirizana ndi a dokotala kuti tisamupatse dzina la matenda lililonse msanga, koma tiyambe chithandizo ndi kuona momwe angasinthire m'miyezi yotsatira.

Mayi

Wodwala wachiwiri m'nkhaniyi anali mayiyo, ngakhale analibe faelo. Ndinawatengera pakhonde la kuseri kwa wodi, kutali ndi anzawo, ndipo poyamba anangodandaula za mutu, kusowa tulo ndi mtima kuthamanga. Tinagwiritsa ntchito mafunso 20 oyezera mavuto a maganizo, a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, otchedwa SRQ, amene anamasuliridwa ndi kuyesedwa m'Chichewa ndi Robert Stewart ndi anzake pakati pa amayi a ku Thyolo, ndipo mayiyu anayankha kuti inde pa mafunso oposa theka. Nditawafunsa mosabisa ngati anaganizapo zodzipha, anati nthawi zina amalakalaka akanagona osadzukanso, koma sanakonzepo njira iliyonse. Tsiku lomwelo tinawakumanitsa ndi namwino wa matenda a maganizo, amene anayamba kucheza nawo pafupipafupi ndi kuwayang'anira.

Zimene zinkawadya mumtima zinatuluka pang'onopang'ono. Mwamuna wawo anali atasiya kutumiza ndalama chifukwa ntchito inamuthera. Iwo eni sanafune kuletsa mwana kuyamwa, koma mkazi wa chitengwa wa zaka 21 alibe mawu pamaso pa apongozi. Ndipo liwu la tsempho linali ndi mbola yake, pakuti matendawa anthu amati amabwera makolo akaphwanya mwambo wa kuchipinda, ndiye poti bambo ali kunja kwa dziko, zala zonse zinaloza kwa mayi. "Anamwino," anatero, "kumudzi akuti ndamudwalitsa ndine, ndiye nayenso mwanayo akundikana. Kapena akudziwa kanthu." Mayi amene akukhulupirira kuti mwana wake akumuweruza sangathe kumuyang'ana kumaso, ndipo mwana amene akuona nkhope yosayankha amabweza maso ake. Katswiri wa kakulidwe ka ana wa ku America, Edward Tronick, anaonetsa zimenezi m'zaka za m'ma 1970, pamene ankapempha amayi kuumitsa nkhope kwa mphindi zochepa pamaso pa makanda awo: khandalo limayesetsa kumwetulira ndi kuitana, likalephera limatembenukira kumbali n'kufooka. Zimene iye ankaziona kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, ife tinkaziona tsiku lonse.

Momwe tinaimvera nkhaniyi

Ofufuza awiri, James Robertson ndi John Bowlby, poyang'ana ana aang'ono osiyanitsidwa ndi makolo awo m'zipatala za ku Britain kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, anafotokoza magawo atatu amene mwana amadutsamo: kulira ndi kukana, kutaya mtima, kenako kudzipatula, pamene mwana amaoneka ngati wazolowera ndipo mayi akabwera samulabadira. Zimene agogo ananena kuti kuzolowera zinali gawo lachiwiri ndi lachitatu. Kufulatira mayi sikunali kuiwala, koma njira ya mwana yodzitetezera ku ululu umene anaumva kale.

Nkhaniyi si yachilendo mu Africa muno. Mary Ainsworth, amene maphunziro ambiri a ubale wa mwana ndi womulera amachokera pa ntchito yake, anayambira kafukufuku wake m'midzi ya pafupi ndi Kampala ku Uganda mu 1954 ndi 1955, ndipo china chimene chinamukopa ndi mbiri imene anamva yoti ana kumeneko amatumizidwa kwa agogo awo poletsedwa kuyamwa. Kumeneko ndi kumene anaona kuti mwana amagwiritsa ntchito mayi ake ngati malo otetezeka: amachoka kukafufuza zinthu, n'kubwerera akaopa, n'kuchokanso. Mwana wathuyu analibe pobwerera, ndiye sankachokanso.

Ndifuna ndinene momveka kuti vuto silinali kuleredwa ndi agogo. Ana athu ambiri amakulira m'manja mwa agogo, azakhali ndi achemwali awo, ndipo mwana amatha kukhala ndi anthu angapo amene amawadalira, zimene ndi chuma osati chilema. Chimene chinavulaza mwanayu ndi kutaya zonse tsiku limodzi, bere, msana wa mayi, fungo la nyumba ndi nkhope zozolowereka, pa msinkhu umene mantha osiyana ndi mayi amakhala pachimake, n'kupita kwa munthu amene sankamudziwa komanso amene umphawi unkamuchotsa pakhomo tsiku lonse. Agogowo anachita zonse zimene akanatha, ndipo sindinalole kuti wina aliyense m'wodi awanyoze.

Chithandizo

Ndondomeko ya WHO yosamalira ana onyentchera kwambiri ili ndi masitepe 10, ndipo imodzi mwa iwo ndi kusangalatsa mwana ndi kumulimbikitsa m'maganizo, kuphatikizapo masewero okonzedwa a mphindi 15 mpaka 30 patsiku. Kawirikawiri sitepe imeneyi ndi imene imagwa anamwino akachepa, chifukwa palibe amene amafa tsiku lomwelo chifukwa chosasewera. Kwa mwanayu tinailemba pa tchati chake pafupi ndi mankhwala, ndi malo osainira, kuti isadumphidwe.

Tinatsatira njira ya Care for Child Development ya WHO ndi UNICEF, imene imayamba ndi kuyang'ana, kufunsa ndi kumvetsera, kenako kuyamikira chimene womulera akuchita bwino, uphungu n'kubwera pambuyo. Sitinayambe ndi kulanda mwana kwa agogo n'kumupereka kwa mayi, poti kumeneko kukanakhala kumusiyanitsanso kachiwiri. Tinayala mphasa pansi, agogo atamufungatira, mayi atakhala moyang'anana naye chapafupi, pakati pali kapu yapulasitiki, chipande ndi zitsononkho zingapo. Pempho langa kwa mayi linali limodzi lokha, lakuti asamuphunzitse kanthu, koma adikire aone chimene mwana achite, iwo achitenso chomwecho. Masiku oyamba panalibe chochitika, ndipo mayiyo ankafuna kudzuka. Tsiku lina mwanayo anamenya kapu ndi chipande kamodzi. Mayi anatola chitsononkho n'kumenya kapuyo kamodzi. Mwanayo anaima, anayang'ana dzanja la mayi ake, anamenyanso kawiri, ndipo mayi anayankha kawiri. Kenako anakweza maso n'kuwayang'ana kumaso. Ndinawauza mayiwo pomwepo kuti, "Mwaona, mayi? Akudikira inu. Si ine, si agogo, ndi inu." Kuyamikira kotere sikuti n'kongosangalatsa munthu, koma kumathandiza mayi wokhumudwa kuona chizindikiro chimene maganizo ake akumubisira.

Tinasinthanso kadyetsedwe. Mwana ankakhala moyang'anana ndi mayi, chiponde chili pachala kapena pasupuni pamene iye akuchiona, mayi akudikira kuti atsekule yekha pakamwa, akumuitana dzina ndi kumuuza zimene zikuchitika. Kupana masaya tinaletsa, ndipo tinalongosola kuti kuwonjezera pa kuopsa kotsamwa, kumachititsa mwana kudana ndi chakudya komanso ndi dzanja lomudyetsa. Kusambitsa ndi kudzoza mafuta tinakupereka kwa mayi, agogo ali pambali. Popeza mimba inali itakula, kubereka kumbuyo kwa nthawi yaitali kunali kovuta, choncho tinalimbikitsa kumugoneka pambali pawo ndi kumuimbira nyimbo zimene ankamuimbira ali wakhanda.

Patapita masiku, zinthu zinaoneka ngati zaipa. Mwana uja wosavuta anayamba kulira mokweza mayi akangopita kubafa, kuwakakamira pachitenje, ndipo akabwerera ankawamenya pachifuwa uku akufuna kunyamulidwa. Amayi ena m'wodi anati tamulekerera mwana, ndipo agogo anadandaula kuti wayamba mwano. Ndinakhala nawo pansi onse awiri n'kuwauza kuti ichi ndicho chizindikiro chimene tinkachidikira, pakuti mwana amalirira munthu amene akukhulupirira kuti amva, ndipo mkwiyo umene anausunga miyezi itatu unayenera kutuluka. Tinagwirizana kuti mayi asamazembe, koma azimutsanzika nthawi iliyonse pochoka, kumusiya m'manja mwa agogo, ndi kubwerera monga anenera. Tinagwirizananso kuti asamamuopseze kuti akalira abayidwa jakisoni kapena amusiya, mawu amene timawamva tsiku ndi tsiku m'zipatala ndipo kwa mwana ngati uyu ndi owononga.

Kukumana ndi banja

Zonsezi zikanathera pachipata cha chipatala tikanapanda kulankhula ndi eni mphamvu pakhomo. Tinaitana apongozi a mayiyo ndi amalume ake, amene ndi mwini mbumba, ndipo bambo a mwana tinawapeza pa WhatsApp. Sindinatsutsane nawo za tsempho, chifukwa mkangano wotere umangoumitsa mitima. Ndinawaonetsa buku la kusikelo, mzere ukukwera mpaka mwezi umene mwana analetsedwa kuyamwa kenako n'kutsika, ndipo ndinati, "Agogo, kutupa uku tinakuchiza ndi mkaka ndi chiponde, ndipo kwaphwera inu mukuona. Mwanayu anadwala njala ndi chisoni, ndipo mayi akewa alibe mlandu." Ndinafotokozanso kuti mkaka wa mayi woyembekezera suwola, kuti pa mimba yopanda vuto mayi angathe kupitiriza kuyamwitsa bola azidya mokwanira, ndipo ngati banja lasankha kuletsa mwana, zichitike pang'onopang'ono, mwana ali pakhomo pomwepo ndi mayi ake. Apongoziwo sananene kuti avomereza, koma anafunsa kuti phala la mwanayo aziikamo chiyani, ndipo ine ndinalandira funsolo ngati yankho lokwanira. Amalume ndi amene anagamula kuti mayi ndi mwana akakhale kwa agogo akuchikazi mpaka atachira pa uchembere, kuti mwanayo asataye aliyense mwa anthu ake awiri.

Za kubwezeretsa mwana kubere tinaziganizira koma sitinazitsatire, popeza panali patapita miyezi itatu, mwanayo sankalifunanso, ndipo mayiyo anali wochepa thupi.

Zotsatira

Mwanayo anatuluka m'wodi akudya chiponde bwino, n'kupitiriza kuchilandira pachipatala chaching'ono cha kwawo mpaka mkono unapitirira masentimita 12.5. Mlangizi wa zaumoyo ndi mtsogoleri wa keyagulupu ya m'mudzimo, gulu la anthu odzipereka lolimbikitsa za thanzi ndi kadyedwe, ankawayendera, ndipo tinawapempha kuti asamangoyeza mkono, koma azikhala pansi n'kuona momwe mayi ndi mwana akusewerera. Tinakonzekeretsanso banja za kubadwa kwa mng'ono wake: kumuuza mwanayo za khanda lili m'mimba, kuti pa masiku a kuchipatala akhale ndi agogo m'nyumba yomweyo imene waizolowera, ndiponso kuti khanda likabwera mayi azipatula kanthawi tsiku lililonse kokhala ndi wamkuluyu yekha.

Khandalo linabadwa mu Seputembala. Kwa masabata angapo mwanayo anabwerera m'mbuyo, ankakana kudya yekha, ankadzuka usiku, ndipo kamodzi anatsina khandalo, koma sanabwerere ku kukhala chete kuja. Pa miyezi 24 ankathamanga, ankaloza zinthu n'kuyang'ana mayi ake, ndipo ankatchula mawu ochulukirapo. Pa miyezi 27 anabwera kudzaonedwa atabereka chitsononkho kumbuyo ndi kansalu, akuchisisita monga amachitira mayi ake ndi khanda, ndipo anayamba kulumikiza mawu awiri. Masewero oyerekezera otere, pamodzi ndi kuloza ndi kuonetsa zinthu, anachepetsa kwambiri nkhawa yathu ya autism. Chilankhulo chikadali m'mbuyo pang'ono poyerekeza ndi anzake, msinkhu wake ndi waufupi, ndipo akaona yunifolomu yoyera amabisala kumbuyo kwa mayi ake, zimene kwa mwana wa mbiri yotere ndimaziwerengera kumbali yabwino. Mayi ake akupeza bwino, tulo tabwerera ndipo maganizo ofuna kufa anatha, ngakhale nkhawa ya ndalama ikadalipo ndipo akupitiriza kuonana ndi namwino wa matenda a maganizo.

Sindinganene kuti masewero okha ndi amene anabweza mwanayu, poti chakudya, kuchira kwa mayi ndi chigamulo cha banja zinayendera limodzi, ndipo mwana mmodzi sapereka umboni wa ana onse. Koma umboni waukulu ulipo. Ku Kingston, m'dziko la Jamaica, Sally Grantham-McGregor ndi anzake anatsatira ana opinimbira 129 a miyezi 9 mpaka 24 kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ena mwa iwo akuyenderedwa kunyumba sabata iliyonse kwa zaka ziwiri kuti amayi aphunzire kusewera ndi kucheza nawo. Patapita zaka pafupifupi 20, amene anayenderedwawo ankapeza ndalama zochuluka ndi 25 peresenti kuposa anzawo opinimbira amene amayi awo sanaphunzitsidwe zimenezi, pamene phindu la chakudya chowonjezera chokha silinakhalitse chimodzimodzi. N'chifukwa chake ndondomeko ya kaleredwe ka ana aang'ono ya Nurturing Care, imene WHO ndi mabungwe anzake anatulutsa mu 2018, inaika kulera komvetsera mwana pamzere umodzi ndi thanzi, chakudya, chitetezo ndi mwayi wophunzira.

Chimene chikundivutitsabe ndi chakuti mwanayu tikanamupeza kale. Mayi ake anayamba sikelo ya amayi oyembekezera mu Malichi, mwana atangotumizidwa kwa agogo, ndipo anayezedwa magazi, anapatsidwa neti ndi mankhwala owonjezera magazi, koma fomu imene timadzaza siikumbutsa munthu kufunsa kuti mwana wamng'ono amene ali naye ali kuti ndipo akudya chiyani. Sukulu za mmera mpoyamba za m'midzi nazonso zimalandira makamaka ana a zaka 3 mpaka 5, kotero mwana wa chaka chimodzi ndi theka amene wachotsedwa kubere sakhala m'maso mwa aliyense kupatula mlangizi wa zaumoyo, ngati wabwera naye kusikelo. Pachipatala pathu tagwirizana kuti mayi aliyense woyembekezera amene ali ndi mwana wosakwana zaka ziwiri azifunsidwa ngati akuyamwitsabe, ngati akuganiza zomuletsa, amene adzamusunge, komanso momwe iye mwini akumvera mumtima, ndipo dzina la mwanayo liziperekedwa kwa mlangizi wa dera lake. Mwana wa m'lipotili tidzamuyezanso ndi chida chomwe chija akakwanitsa zaka zitatu, ndipo ngati chilankhulo chidzakhale chikadali m'mbuyo tidzamutumiza kukayezedwa makutu ndi makina kuchipatala chachikulu asanayambe sukulu ya mmera mpoyamba ya m'mudzi mwawo.